Mtengo ndi Ulemu: Kusinkhasinkha pa Ntchito ya Trish Stratus

Pali funso lakale limene anthu oganiza mozama za khalidwe akhala akulimbana nalo: kodi munthu amene walowa m'nyumba kudzera pakhomo lonyozeka, n'kuchita zaulemu atalowa, amayeretsa khomolo? Funsoli limakhudza mwana wa bwana amene wapeza udindo chifukwa cha dzina la bambo ake koma n'kuugwira mwaluso. Limakhudzanso wantchito amene adalembedwa chifukwa cha nkhope, pambuyo pake n'kuposa anzake onse pa ntchitoyo. Anthu ambiri amafulumira kuvomera, popeza chimene chimakumbukika pa ulendo ndi mathero ake. Ena amakanitsitsa kwamtuwagalu, ponena kuti chiyambi chokhota chimakhotetsa zonse zotsatira. Moyo wa Trish Stratus, mayi wa ku Canada amene adayamba ndi kujambulitsa thupi lake m'magazini a zolimbitsa thupi n'kudzakhala katswiri wa masewera ogwetsana, ukuonetsa kuti mayankho awiri onsewa ndi operewera. Chimawapereweretsa n'chakuti amaphatikiza milandu itatu yosiyana kukhala umodzi: mlandu wa wolowayo, mlandu wa mwini nyumba, ndi mlandu wa oonerera amene amalipira pakhomo.

Kuchokera ku yunivesite kupita pachikuto cha magazini

Dzina lake lobadwa nalo ndi Patricia Stratigeas, ndipo adabadwa pa 18 Disembala 1975 m'chigawo cha Ontario. Adalowa yunivesite ya York mumzinda wa Toronto kumene ankaphunzira bayoloje ndi sayansi ya kayendedwe ka thupi la munthu, maso ali pa udokotala. Mu 1997 aphunzitsi a payunivesiteyo adanyanyala ntchito ndipo maphunziro adaima. Iye adapeza ntchito yolandira alendo pamalo ena olimbitsira thupi, ndipo mwini magazini ya MuscleMag International, Robert Kennedy, adamupempha kuti ajambulidwe. Mu 1998 chithunzi chake chidatuluka pachikuto cha magaziniyo. Chakumapeto kwa 1999 kampani ya World Wrestling Federation, imene mu 2002 idasintha dzina kukhala WWE, idamulemba ntchito. Ataphunzira zoyambirira kwa mphunzitsi Ron Hutchison ku Toronto, adaonekera koyamba pa kanema wa kampaniyo mu Malichi 2000.

Ntchito imene adapatsidwa poyamba sinali yolimbana ndi munthu m'bwalo. Ankaperekeza amuna awiri, Test ndi Albert, n'kumaima panja pa zingwe iwo akumenyana. Gulu lawolo lidatchedwa T&A, zilembo zimene zikuimira mayina a amuna awiriwo, komanso m'Chingerezi cha mumsewu zimaimira ziwalo za thupi la mkazi. Dzina lokhalo likukwanira kufotokoza chimene kampaniyo idaona kuti yagula. Idagula thupi loti kamera izilizungulira pamene amuna akupuma. Komatu patangotha zaka zisanu ndi chimodzi, pa 17 Sepitembala 2006, mayi yemweyo adatsanzika masewerawa kwawo ku Toronto atavala lamba wa ukatswiri wa amayi kachisanu ndi chiwiri, khwimbi la anthu litaimirira kumuombera m'manja. Pakati pa zaka ziwirizi, 2000 ndi 2006, ndi pamene pagona funso lonse.

Chipambano cholembedwa

Munthu asanaweruze mlanduwu ayenera kumvetsa mtundu wa masewera amenewa. Wopambana amadziwika nkhondo isanayambe. Pali olemba nkhani amene amakonza za amene adane, amene agwirizane, ndi amene avale lamba. Mu 1989 akuluakulu a WWF adavomereza okha pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo ya New Jersey kuti zimene amaonetsa ndi zisudzo zosangalatsa anthu, pofuna kuti asamalamulidwe ndi bungwe loyang'anira mipikisano ya masewera. Kale izi zisanachitike, mlembi wa ku France Roland Barthes, m'buku lake la mu 1957 lotchedwa Mythologies, adafotokoza kuti oonerera masewera ogwetsana alibe nazo ntchito zoti nkhondoyo ndi yokonzeratu kapena ayi. Iwo amadzera kudzaona masautso, kugonja ndi chilungamo zikuonetsedwa mokuza, mofanana ndi m'zisudzo zamakedzana.

Apa pakubuka chitsutso champhamvu. Ngati zonse ndi zolembedwa, malamba asanu ndi awiri a Stratus ndi zigamulo zisanu ndi ziwiri zochokera mu ofesi, basi. Chitsutsochi chili ndi umboni wake. Amatchuka kuti adasunga lamba masiku 448, kuyambira mu Januwale 2005 kufikira pa 2 Epulo 2006 pamene adagonja kwa Mickie James. Koma mkati mwa masiku amenewo muli miyezi pafupifupi inayi imene sadalowe m'bwalo chifukwa cha kuvulala msana, ndipo kampaniyo idangosankha kusamulanda lambayo. Nambala yotereyi singafanane ndi ya wothamanga amene wafika pamzere womaliza anzake onse ali m'mbuyo. Wofuna kuyeza Stratus ndi muyeso wa mpikisano adzapeza kuti dengu lake ndi lopanda kanthu.

Komabe muyesowo ndi wolakwika. Olemba nkhani amalemba mathero, koma sangalembe kagwedwe ka thupi. Munthu akanyamulidwa m'mwamba n'kuponyedwa chagada, moyo wake uli m'manja mwa womuponyayo, amene ayenera kuonetsa ngati akumupweteka pamene kwenikweni akumuteteza khosi. Mu Okutobala 1999, kutatsala pang'ono kuti Stratus alembedwe ntchito, Darren Drozdov adagwa molakwika m'bwalo la kampani yomweyo n'kufa ziwalo, ndipo adakhala pa njinga ya olumala mpaka imfa yake mu 2023. Masewerawa tsono ndi ntchito ya anthu awiri amene akunamizira udani pamene akudalirana kotheratu. Akuluakulu adati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndipo m'bwalo la zingwe mwambiwu umaoneka ndi maso: palibe amene angaoneke katswiri ngati mnzake sakumuthandiza kuoneka choncho. Lamba m'masewerawa amachitira umboni chikhulupiriro. Olemba nkhani amakhulupirira kuti wovalayo agwira mitima ya oonerera, ndipo anzake amakhulupirira kuti angamupatse matupi awo n'kubwerera kunyumba ali bwinobwino. Chikhulupiriro chachiwirichi sichigulidwa ndi nkhope.

Mtengo ndi ulemu

Immanuel Kant, m'buku lake la mu 1785 lonena za maziko a khalidwe, adasiyanitsa zinthu zokhala ndi mtengo ndi zokhala ndi ulemu. Chinthu cha mtengo chingathe kulowedwa m'malo ndi china chofanana nacho, monga thumba la chimanga lisinthidwa ndi thumba linzake. Munthu alibe chomulowa m'malo motero, ndipo n'chifukwa chake sayenera kugwiritsidwa ntchito ngati chida chabe chokwaniritsira zolinga za wina. Mu 1995 Martha Nussbaum adafutukula ganizoli potchula njira zisanu ndi ziwiri zimene munthu amasandutsidwira chinthu. Zina mwa njirazo ndi kumuyesa chida, kumuyesa wosinthanitsika ndi wina aliyense, kumuyesa katundu wa mwini, ndi kukana kuti ali ndi ufulu wodzisankhira. Nussbaum adatsindikanso kuti poweruza nkhani yotere munthu ayenera kuyang'ana malo ndi ubale umene zinthuzo zikuchitikira.

Malo ndi ubale wa mu 2001 zidali zotere. Olemba nkhani adamuika Stratus kukhala chibwenzi cha Vince McMahon, amene m'sewero adali bwana wankhanza, ndipo kunja kwa sewero adali mkulu weniweni wa kampaniyo. Mu Malichi chaka chimenecho, pa pologalamu ya Raw, McMahon adamulamula pamaso pa zikwi za anthu kuti agwade n'kukwawa, auwe ngati galu, kenako avule zovala mpaka kutsala ndi zamkati. Iye adachita zonsezo. Pa 1 Epulo, pa WrestleMania X-Seven mumzinda wa Houston, nkhaniyo idafika pachimake pamene adamuwomba mbama McMahon, anthu n'kukuwa ndi chimwemwe.

Oikira kumbuyo chochitikachi ali ndi mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti Stratus adali munthu wamkulu wa zaka 25, wophunzira, amene adavomera gawo la m'sewero ndi kulipidwa, monga momwe wochita zisudzo amavomera kukhala kapolo kapena wakuba pa siteji popanda kutaya ulemu wake. Yachiwiri ndi yakuti nkhaniyo idaonetsa nkhanzazo ngati choipa, ndipo woipayo adalangidwa. Mfundo zonse ziwirizi zili ndi choonadi, koma sizifika patali.

Pa siteji wamba, wosewera gawo la mbuye wankhanza amakhala wantchito mnzake wa wosewera gawo la kapolo, ndipo nsalu ikatsekedwa onse amakalandira malipiro pawindo limodzi. Kuno wolamula kuti auwe adali yemweyo wokhala ndi mphamvu yomukweza kapena kumuchotsa ntchito. Ochita masewerawa m'kampaniyo ankalembedwa ngati anthu odziimira okha ogwira ntchito ya kontilakiti, ndipo adalibe bungwe la apantchito lowayankhulira. Kuvomera kumene munthu amapereka pamene kukana kungamutsekere tsogolo ndi kuvomera ndithu, koma kulemera kwake n'kochepa poyerekeza ndi kwa munthu amene angathe kukana osataya kanthu. Kant yemweyo sadaphunzitse kuti kuvomera kwa wonyozedwa kumamasula wonyoza. Udindo wolemekeza umunthu wa mnzako umakhalapobe ngakhale iye atalola kuti uupondereze.

Mfundo ya chilango nayo imagwa ikayesedwa. Mbama ya ku Houston idatenga kamphindi, pamene kunyozedwa kuja kudatenga nthawi yaitali, kamera ikuyang'anitsitsa, ndipo mbali ina ya khwimbi idakuwa mosangalala zovala zikuvulidwa. Kampaniyo idagulitsa malonda awiri ndi thupi limodzi: kwa ofuna kuona mkazi akuchititsidwa manyazi idagulitsa manyaziwo, ndipo kwa ofuna chilungamo idagulitsa mbama. Chilungamo chimene Barthes adachiona m'masewerawa chingathe kusanduka chiphaso choonetsera chilichonse, bola woipa alandire chibakera pomaliza. Ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali msampha wina mbali inayo. Wonena kuti Stratus adali chidole chabe m'manja mwa amuna akumulanda ufulu wodzisankhira, chimene chili chimodzi mwa zizindikiro zija Nussbaum adatchula. Mbiri yake ikuonetsa munthu amene ankayeza zinthu. Pa nthawi imene amayi angapo a m'kampaniyo ankajambulitsa ali maliseche m'magazini ya Playboy, n'kulandira ndalama zambiri ndi malo apamwamba pa kanema, iye adakana. Adadziikira malire pamalo pamene adasankha yekha, ngakhale wina angatsutse kuti malirewo adayenera kuikidwa kale. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndipo iye adasunga lake m'nyumba imene malamulo ake sadawalembe ndi iye.

Luso lophunziridwa pamaso pa anthu

Aristotle adaphunzitsa kuti luso ndi khalidwe labwino sizibadwa ndi munthu. Mmisiri amakhala mmisiri pomanga, ndipo wolimba mtima amakhala wotero pochita mobwerezabwereza zinthu zofuna kulimba mtima. Ambiri mwa ochita masewera ogwetsana amaphunzira ntchitoyi kwa zaka zambiri m'maholo ang'onoang'ono, kumene kulakwitsa kumaonedwa ndi anthu ochepa. Stratus adaphunzira pa kanema, mamiliyoni akuonerera kuphonya kwake kulikonse. Pa 18 Novembala 2001, pa Survivor Series, adapatsidwa lamba wake woyamba pogonjetsa amayi ena asanu, ndipo ena mwa iwo, monga Ivory, Jacqueline, Jazz ndi Molly Holly, adali ndi luso loposa lake kutalitali. Apa chitsutso chija chidali cholondola: lamba ameneyu adabwera luso lisanafike. Patangopita masiku ochepa, lamba yemweyo adamutetezera m'dziwe lodzaza msuzi polimbana ndi Stacy Keibler, chizindikiro cha mmene kampaniyo inkaonera ulemu wa lambayo.

Chimene chikupatsa mbiri yake kulemera ndi zimene adachita atalandira mphotho yosamuyenera. Munthu wotere ali ndi njira ziwiri: kukhala pansi n'kumadya, kapena kuyamba kulipira ngongole imene palibe akumulonjerera. Stratus adasankha yachiwiri. Pansi pa Fit Finlay, katswiri wa ku Northern Ireland amene adapatsidwa ntchito yophunzitsa amayi a m'kampaniyo, iye ndi anzake adayamba kukonza nkhondo zofuna luso lenileni. Mu Novembala 2002, ku Madison Square Garden, adalimbana ndi Victoria m'nkhondo yololeza kugwiritsa ntchito zida, yamtundu umene kawirikawiri unkasungidwira amuna. Pa 6 Disembala 2004 iye ndi Lita, amene dzina lake lenileni ndi Amy Dumas, adatseka pologalamu ya Raw polimbirana lamba, malo amene amayi sankapatsidwa wambawamba. Usiku umenewo Lita adadumpha kudutsa pakati pa zingwe n'kugwera khosi moopsa, pamene khosi lomwelo lidali litathyokapo mu 2002, koma adadzuka n'kumaliza nkhondoyo ndi kupambana. Stratus adagonja, ndipo kugonja kumeneko kumakumbukika kuposa malamba ake angapo, chifukwa kudatsimikiza kuti amayi awiri angathe kusunga chidwi cha khwimbi popanda kuvula kanthu.

Apa ganizo la Kant likubweranso mwanjira ina. Mu 2000 Stratus adali ndi mtengo m'maso mwa kampaniyo, ndipo akadachoka, magazini a zolimbitsa thupi adali odzaza ndi ena omulowa m'malo. Pofika mu 2005 kampaniyo idalolera kuti lamba akhale miyezi osaoneka m'bwalo pomudikira. Adachoka pa gulu la zinthu zosinthanitsika. Koma wowerenga asamale pano. Ulemu umene Kant ankanena adali nawo kale mu 2000, ndipo adali nawo usiku uja ankakwawa. Chimene adapeza ndi thukuta lake ndi kulemekezedwa chifukwa cha luso, chinthu chimene munthu amachigwirira ntchito. Kusokoneza ziwirizi n'koopsa, chifukwa kumatanthauza kuti mkazi amayenera kuyamba wasonyeza ukatswiri kuti aleke kuuwitsidwa ngati galu.

Amene adalipira mtengo

Nkhani ya munthu wodzuka kuchokera pansi imakoma kuimva, koma imabisa anthu amene adamunyamula. Popeza m'masewerawa palibe amene amaoneka katswiri payekha, kukwera kwa Stratus kudamangidwa pamisana ya amayi amene adalowa pakhomo la luso. Jazz, Victoria ndi Molly Holly ankagwa m'njira yoti iye aoneke wamphamvu, ndipo ankatsogolera nkhondo pamene iye adali asanadziwe kuzitsogolera. Mu 2002, pa mkangano wolembedwa pakati pa Stratus ndi Molly Holly, nthabwala yaikulu idali yonyoza kukula kwa thupi la Molly Holly, ndipo Stratus adali mbali ya onyozawo. Mu 2004, pa WrestleMania XX, Molly Holly adametedwa mpala pamaso pa anthu atagonja kwa Victoria, ndipo iye mwini adadzafotokoza kuti adapereka tsitsi lakelo pofuna kuti nkhondo ya lamba wa amayi ipeze malo pa tsiku lalikululo. Mayi waluso adayenera kulipira ndi tsitsi chinthu chimene ena ankachipeza ndi nkhope.

Choopsa kwambiri ndi phunziro limene kampaniyo idatolapo. Ikadatha kuphunzira kuti amayi akapatsidwa nthawi ndi mphunzitsi amachita zazikulu. M'malo mwake idachita ngati yaphunzira kuti njira yopezera katswiri ndi kusakasaka akazi okongola. Mu 2004 idachititsa pa kanema mpikisano wa Diva Search, umene wopambana wake, Christy Hemme, adalandira kontilakiti ya madola 250,000. Mu Epulo 2005 Hemme, atangotuluka pachikuto cha Playboy, adapatsidwa mwayi wolimbirana lamba ndi Stratus pa WrestleMania 21, ali ndi miyezi yochepa chabe ya maphunziro. Stratus atachoka, nkhondo za amayi zidanka zifupikirafupikira. Mu Febuluwale 2015 nkhondo ina ya amayi anayi pa Raw idatenga pafupifupi theka la mphindi, ndipo oonerera adakwiya n'kuyamba kudandaula mwamphamvu pa intaneti. Mpaka mu Epulo 2016, pa WrestleMania 32, ndi pamene kampaniyo idasiya kutchula amayiwa kuti ma Diva, ndipo mpaka mu 2019, pa WrestleMania 35, ndi pamene amayi, Becky Lynch, Ronda Rousey ndi Charlotte Flair, adatseka chionetsero chachikulu cha pachaka. Khomo limene Stratus adalowera lidakhalabe lotseguka zaka khumi iye atatsanzika, ndipo kupambana kwake kudali chimodzi mwa zifukwa zolisiyira lotseguka.

Milandu itatu

Tsopano funso loyamba lija lingathe kuyankhidwa mbali ndi mbali. Pa mlandu wa wolowayo, palibe chifukwa chomveka chomuweruzira Stratus chifukwa cha khomo. Kukongola ndi mphatso yachibadwa mofanana ndi msinkhu wa wosewera mpira wamanja kapena mawu a woimba, ndipo thupi la wojambulitsa m'magazini a zolimbitsa thupi limafunanso khama la zakudya ndi zonyamulanyamula. Munthu amayankha mlandu pa zimene wachita ndi mwayi umene waupeza. Iye adalandira ulemerero usanamuyenere, n'kugwira ntchito mpaka udamuyenera, ndipo adalipira ndi kakolo wovulala mu 2001 ndi msana wovulala mu 2005. Chimene angafunsidwe ndi mbali imene adatenga ponyoza anzake pa kanema, ndipo funso limenelo liyenera kufunsidwa pokumbukira kuchepa kwa mphamvu zimene adali nazo pa nthawiyo.

Pa mlandu wa mwini nyumba, ukatswiri wa Stratus suchotsa kanthu. Mu 2013 kampaniyo idamulowetsa m'gulu la akatswiri ake olemekezeka, ndipo idayamba kumutchula ngati mmodzi mwa otsegula njira ya amayi. Kuyamikira kotereku kuli ndi chinyengo chake, chifukwa wotchinga njira ndi woyamikira woitsegula ndi munthu mmodzi. Bwana amene wasenzetsa wantchito katundu wosayenera sangadzitame ndi mphamvu zimene wantchitoyo wapeza posenza. Zabwino zotuluka m'choipa zimakhala za amene wazitulutsa, ndipo choipacho chimakhalabe cha amene adachichita.

Mlandu wachitatu ndi wa oonerera, ndipo uwu sutha pa malire a Canada kapena America. Masewerawa adafika kum'mwera kwa Africa kudzera pa wailesi yakanema ya e.tv kwa zaka zambiri, asanasamukire ku SuperSport mu 2017, ndipo ana ambiri a m'matauni a chigawo chino adakula akudziwa mayina a ochita masewerawa. Kampani yamalonda imagulitsa zimene zikugulidwa. Khwimbi limene lidakuwa mosangalala mu Malichi 2001 ndi la mtundu womwewo ndi limene lidaimirira mu Sepitembala 2006, ndipo mwina ena adalipo pa masiku onse awiri. Zimene zidachitika mu 2015 zikuonetsa kuti oonerera adali ndi mphamvu yosintha zinthu nthawi yonseyi, popeza atangodandaula mogwirizana kampaniyo idamva. Umunthu wa woonerera umayesedwa pa chimene amalola kuti chimusangalatse, ndipo kunena kuti zonsezo zidali sewero chabe sikumumasula, chifukwa chisangalalo chake sichidali cha sewero.

Phunziro la nkhaniyi likukhudza malo ambiri kumene akazi amalembedwa ntchito poyang'ana maonekedwe: m'makampani otsatsa malonda, pa wailesi zakanema, m'mahotela, ngakhale m'maofesi. Kulikonse kotere kumapezeka mmodzi amene adalowa motero n'kudzakhala katswiri, ndipo dzina lake limatchulidwa pofuna kutseka pakamwa odandaula. Mmodziyo ayenera kulemekezedwa mokwanira. Koma chilungamo cha malowo chimaoneka pa amene adabwezedwa pakhomo ali ndi luso, ndi pa amene adalowa koma osapatsidwa mphunzitsi kapena nthawi.

Stratus atapuma adatsegula malo ophunzitsira yoga kufupi ndi Toronto mu 2008, ndipo wakhala akubwerera m'bwalo mwa apo ndi apo. Pa 2 Sepitembala 2023, ali ndi zaka 47, adalowa m'khola lachitsulo mumzinda wa Pittsburgh kukalimbana ndi Becky Lynch, mayi wa ku Ireland amene adayamba kuphunzira masewerawa ali ndi zaka 15 ndipo adakwera kudzera m'maholo ang'onoang'ono, osadzera pachikuto cha magazini. Makomo awiri aja adakumana m'khola limodzi. Olemba nkhani adalemba kuti Stratus agonje, ndipo iye adagwa m'njira yoti Lynch aoneke wamphamvu, ntchito yomwe ija Jazz ndi Molly Holly adamugwirira zaka makumi awiri m'mbuyomo.